Madzi akuda a kuseli kwa khola ndi feteleza: momwe mungapatulire manyowa ndi madzi kuchokera ku ndowe

Pitani kuseli kwa khola lanu mmamawa ziweto zisanadye, muimepo mphindi ziwiri zokha. Ngati fungo likukulasani m'mphuno mpaka maso kuchita misozi, dziwani kuti chikununkhacho ndi feteleza wanu yemwe akuuluka. Ndipo kamtsinje kakuda kaja kamene kamatuluka pakona pa khola nkumatsetsereka kulowera kudambo, kameneko ndi ndalama, komanso ndi matenda kwa anzanu omwe amatunga madzi kumunsi. Ine ndimaweta ng'ombe ziwiri za mkaka zodyera m'khola ndi nkhumba zochepa, ndipo kwa zaka zingapo ndinkangokolopa zonse pamodzi, ndowe, mkodzo, madzi otsukira, nkuzikankhira panja, kenako mvula ikayandikira ndinkalira ndi mtengo wa Urea ngati wina aliyense makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja. Ndiye zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndimachita pano, mwina zingathandize wina.

Kaye timvetsetse chimene chili mkatimo, chifukwa mukachimvetsa zotsalazo zimangotsatira zokha. Ng'ombe imodzi ya mkaka yodya bwino imatulutsa ndowe zokwana makilogalamu 20 kapena kuposa patsiku, ndi mkodzo malita 10 mpaka 20. Anthu ambiri timathamangira ndowe, koma pafupifupi theka la nayitirojeni, mchere uja timaugula mu Urea, limatuluka mu mkodzo, ndipo potaziyamu wambiri alinso mu mkodzo momwemo. Mu ndowe mumatsala fosifolasi, uja wokulitsa mizu, ndi zinyalala zimene zimafewetsa nthaka. Thumba la Urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wokwana makilogalamu 23, pakuti Urea ndi 46 peresenti, ndiye mukawerengetsa bwinobwino mkodzo wa ng'ombe imodzi yodya bwino pachaka chonse ukuyandikira thumba limodzi. Tsopano vuto lake ndi ili: mu ndowe muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikangokumana ndi mkodzo timausandutsa mpweya wa amoniya, ndipo zimenezi zimayamba m'maola ochepa chabe. Fungo lolasa lija ndi lomwelo. Nchifukwa chake ntchito yonseyi yagona pa chinthu chimodzi, kupatula msanga. Mkodzo upite kwaokha, ndowe kwazokha, madzi otsukira kwaokha, madzi amvula asakhudze chilichonse mwa zimenezi.

Yambani ndi denga

Musanakumbe dzenje lililonse yang'anani kumwamba. Ngati khola lanu lili ndi malata opanda gatala ndiye kuti mvula yonse ikugwera m'khola kapena m'mbali mwake nkusakanikirana ndi ndowe, ndipo palibe thanki imene ingakwanitse kusunga zimenezo mu Januwale. Mamilimita amodzi a mvula akagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi amapereka lita imodzi ya madzi. Denga la mamita 5 kwa 4, kumadera ngati Thyolo ndi Mulanje kumene mvula imapitirira mamilimita 1,000 pachaka, likutaya malita oposa 20,000. Amenewa ndiye madzi oyera kwambiri amene khola lingakupatseni ndipo safuna kusefa kwambiri, ikani gatala, olo ya nsungwi yong'amba pakati kapena lata lakale lopinda, muwalowetse mu thanki kapena migolo. Kenako kumbani kangalande kumtunda kwa khola kuti madzi othamanga ochokera pabwalo azilambalala. Izi zokha zimachepetsa madzi akuda aja kwambiri moti ena akangochita zimenezi amaona ngati vuto latha.

Pansi pa khola ndi ngalande ya mkodzo

Pansi pamene ziweto zimaima podya ndi pokama pakhale pa simenti, kapena njerwa zootcha zoyala bwino nkuthira simenti m'mipata ngati ndalama zavuta. Pakhale potsetsereka pang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa mita iliyonse, kulowera kumbuyo. Musasalaze kwambiri, mmisiri akamaliza auzeni akokepo tsache kapena alembe timizere simenti isanaume, apo bii ng'ombe imaterereka nkuthyoka. Kumapeto kwa kutsetserekako mangani kangalande ka masentimita 15 mpaka 20 mulifupi, kosalala bwino kameneka, kotsetserekera mbali imodzi, ndipo pomwe kathera pakhale njira ziwiri: imodzi yopita ku mgolo wa mkodzo, ina yopita ku thanki ya madzi otsukira. Simufunika valavu yodula ayi, kanjerwa kamodzi kokulunga m'saka kamakwanira, mumangotseka uku nkutsegula uko. Tsiku lonse ndi usiku njira yotsegula ikhale ya mkodzo, mukafuna kutsuka ndi pamene mumasintha.

Mgolo wa mkodzo ukhale wapulasitiki, uja wa malita 200, wokwirira pansi mpaka m'khosi, wachitsulo umadyeka msanga. Pakamwa pa paipi yolowa ikani kasefa kawaya kapena kasaka kuti tizidutswa ta ndowe ndi udzu tisalowe, ndipo paipiyo itsike mpaka pafupi ndi pansi pa mgolo kuti mkodzo uzilowera pansi osati kugwa kuchokera pamwamba nkumachita thovu. Chivindikiro chikhale chotseka nthawi zonse. Ndi bwino kukhala ndi migolo ingapo, wina ukadzadza mumautseka ndithu nkuusiya mwezi umodzi pamene inayo ikudzadza, pa nthawi imeneyi mkodzo umasanduka waukali ndipo tizilombo tambiri toyambitsa matenda timafa.

Kathiridwe kake ndiye apa pofunika kusamala. Ine ulendo woyamba ndinathira wosasungunula pa bedi la mpiru ndipo patangopita masiku awiri masamba onse anali atapsa, zinandiwawa kwambiri poti mbewuyo inali itatsala pang'ono kupita kumsika. Pa chimanga, nsenjere ndi nthochi sakanizani ndowa imodzi ya mkodzo ndi ndowa zisanu za madzi. Pa mbewu zanthete ndi zamasamba ndowa imodzi kwa khumi. Musathire pa masamba, boolani kadzenje kapena kokani kamzere pambali pa phando ngati mmene timachitira ndi feteleza wobereketsa, thirani, kwirirani pompo. Nthawi yabwino ndi madzulo kapena mvula ikangokata nthaka ili yonyowa. Siyani kuthira kukatsala mwezi umodzi kuti mukolole. Ndipo chonde musathire phulusa kapena laimu mu mgolomo poganiza kuti mukuchotsa fungo, zimenezo zimathamangitsa nayitirojeni yense.

Ndowe: wolani kaye, kutsuka pambuyo

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Timatenga ndowa ya madzi nkukhuthulira pa ndowe kuti zichoke mosavuta, ndiye tadetsa madzi ambiri komanso tasungunula manyowa. Wolani ndowe zonse ndi fosholo kawiri patsiku, musanakame mmamawa ndi madzulo, mpaka pansi patsale timabala chabe, kenako mutsuke ndi madzi ochepa ndi tsache lolimba. Kwa ng'ombe ziwiri ndowa ziwiri kapena zitatu za malita 20 patsiku zimakwana.

Ndowe zowolazo zipite pa mulu wa kompositi pamalo a mthunzi, okhala ndi kadenga olo kaudzu, pansi potsendera bwino ndi dothi lamakande kapena simenti kuti msuzi wake usalowe pansi. Ndowe zokha sizipsa bwino, zimangoundana nkumanunkha, zimafuna zouma: mapesi odula, makoko a mtedza kapena soya, udzu wotsala m'chodyera, utuchi pang'ono, masamba. Muyeso wake wilibala imodzi ya ndowe kwa mawilibala awiri kapena atatu a zouma, mosanjikiza, mulu ufike m'chiuno kapena pachifuwa, mulifupi mita imodzi ndi theka. Chinyezi mumayesa ndi dzanja, mukafinya chibumacho chizigwirana nkutuluka kadontho kamodzi kapena awiri basi, chikamachucha onjezani zouma, chikamayoyoka wazani madzi, ndipo madzi ake ndi omwe tikambe kutsogoloku. Zikani ndodo kapena chitsulo pakati pa mulu, pakatha masiku atatu kapena anayi muzule mugwire, chizitentha moti simungachigwire nthawi yaitali. Kutentha kumeneko, madigiri 55 mpaka 65, ndi kumene kumapha mazira a njoka zam'mimba, njere za udzu ndi tizilombo tina ngati Salmonella ndi E. coli. Tembenuzani pakatha masabata awiri kapena atatu, zakunja zilowe mkati, bwerezaninso kawiri, pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi lam'nkhalango. Amene munazolowera chimato mutha kumata mulu ndi dothi, zimasunga chinyezi ndi nayitirojeni bwino. Ndowe zaziwisi zosapsa musaziike m'dimba la ndiwo zodya zosaphika pokhapokha patatsala miyezi inayi kuti mukolole.

Amene muli ndi bayogasi kapena mukuganiza zomanga, ndowe zowolazo ndi zomwe mumasakaniza ndi madzi mofanana, ndowa imodzi kwa imodzi, nkuthira mu thanki ya gasi ija momwe zimakhala masiku 40 mpaka 60. Chimene ambiri sadziwa nchakuti gasi amene mukuphikirayo satenga feteleza, michere yonse imatsala mu phala lotuluka kumapeto lija, ndipo nayitirojeni wake amakhala wosavuta kuti mbewu zimwe kusiyana ndi wa mu ndowe zaziwisi. Koma akakhala padzuwa amathawanso msanga. Ndiye musalisiye liume pamtetete mpaka kuchita zikang'a, lithireni pa mulu wa mapesi kapena lidutse mu saka kuti zolimba zitsale, zamadzizo mugwiritse ntchito ngati mmene tanenera za mkodzo.

Tsopano madzi akuda aja

Mwapatula mkodzo, mwawola ndowe, mvula ikupita kwina. Chatsala ndi malita 40 mpaka 60 patsiku a madzi otsukira. Amenewa amadutsa malo atatu: podikha, posefa, posungira.

Podikha ndi thanki ya zipinda ziwiri yomanga ndi njerwa nkupaka pulasitala wa simenti mkati, chipinda chilichonse mita imodzi mbali zonse ndi mita imodzi kuya, kutanthauza malita 1,000 chilichonse. Mutha kuyamba ndi migolo itatu yolumikiza ndi mapaipi ngati simenti palibe. Polowera ikani dengu lawaya kapena saka la anyezi kuti ligwire udzu, muzilikhuthula tsiku ndi tsiku pa kompositi. Madzi akakhala phee m'chipinda choyamba zolemera zimamira nkukhala matope, zopepuka zimayandama nkupanga chikoko pamwamba, pakati pamakhala madzi oyererako. Ndiye paipi yochoka m'chipinda choyamba kupita chachiwiri isatenge pamwamba kapena pansi, itenge pakati, ikani kapaipi kooneka ngati chilembo cha T kamene mwendo wake watsika masentimita 30 kapena 40 m'madzimo. Chimodzimodzinso potulukira m'chipinda chachiwiri, ndipo potulukira pakhale potsikirapo masentimita asanu poyerekeza ndi polowera kuti madzi aziyenda okha. Ndi muyeso umenewu madzi amakhala mkatimo masabata angapo asanatuluke, nthawi yokwanira ndithu.

Matope apansi aja ndi manyowa amphamvu, fosifolasi wambiri amathera mmenemo. Muziwavuula miyezi iwiri kapena itatu iliyonse ndi ndowa yomangirira ku mtengo wautali, muwathire pa bedi lowumitsira, kamalo kozungulira ndi njerwa kokhala ndi miyala pansi ndi mchenga pamwamba, kotsetserekera ku thanki komweko kuti madzi odontha abwerere. Akauma mpaka kung'aluka muwasanjikize mu kompositi kuti nawonso apse.

Ndiimepo kaye apa chifukwa ndi nkhani ya moyo. Thanki imeneyi ikhale yovindikira ndi silabu kapena matabwa olimba amene mwana sangasunthe. Ndipo munthu asalowemo, ngakhale mutapopa madzi onse, ngakhale mwagweramo foni kapena kamwana ka nkhumba. Ndowe zikamaola mopanda mpweya zimatulutsa mpweya wa poizoni wonunkha ngati dzira lovunda, umakhala pansi chifukwa ndi wolemera, ukachuluka mphuno zimasiya kuumva ndipo munthu amangogwa osakuwa nkomwe. Kumaiko a mafamu akuluakulu anthu amafa awiri atatu nthawi imodzi, wina polowa kukapulumutsa mnzake. Povundula matope imani kumene mphepo ikuchokera, ana ndi ziweto zikhale kutali, fodya ndi moto ayi chifukwa mulinso gasi woyaka.

Posefa ndiye pamene pamachitika zosangalatsa. Mukuona momwe madzi amatulukira oyera kumunsi kwa dambo la bango ngakhale kumtunda analowa amatope? Tikupanga kadambo kotero koma kathu, kotsekedwa pansi, bedi la miyala losefera madzi. Kumbani ngalande ya mita imodzi mulifupi, mamita anayi kapena asanu mulitali, masentimita 60 kuya, pansi potsetsereka sentimita imodzi pa mita. Yalani pulasitiki wakuda wolimba, kawiri ngati ndi wopyapyala, ayambe wakhala pa mchenga kuti miyala isamuboole. Kumayambiriro ndi kumapeto, theka la mita mbali iliyonse, ikani miyala ikuluikulu ngati chibakera kuti madzi azimwazikana bwino. Pakati ponse thirani kwale wamng'ono kapena timiyala tamumtsinje tangati mtedza mpaka tangati dzira la nkhunda, totsuka bwino, fumbi lake ndi lomwe limatseka. Njerwa zootcha zoswa zimagwiranso ntchito. Chakumapeto mutha kuika chigawo cha makala osinja pang'ono, amachotsa mtundu ndi fungo. Paipi yotulukira itenge madzi pansi koma kukamwa kwake mukupindire mmwamba kuti madzi mu bedimo aziima masentimita asanu kapena khumi pansi pa miyala yapamwamba. Mfundo imeneyi musaiphonye: madzi asaoneke pamwamba. Akaoneka ndiye udzudzu, ntchentche ndi fungo zabwera.

Pamwambapo bzalani bango kapena vetiva, udzu womwe uja alangizi amatipatsa wa m'migula, motalikirana masentimita 30. Vetiva ndimamukonda chifukwa mizu yake ndi yambiri, amapirira madzi aukali ndipo sabalalika m'munda. Ntchito yaikulu sikuti akugwira ndi udzuwo ayi, ndi tizilombo tabwino timene timamera ngati ndere pa miyala ndi pa mizu, timadya zonyansa zija madzi akamadutsa pang'onopang'ono. Nchifukwa chake bedi latsopano siliyeretsa bwino mwezi woyamba ndi wachiwiri, musataye mtima, ndipo poyamba muzilowetsa madzi osungunula theka ndi theka mpaka udzu utagwira. Bedi la muyeso umenewu limasunga madzi masiku khumi kapena kuposa ngati mukuthira malita 60 patsiku. Ziweto zikachuluka onjezani bedi lina pambali, osaumiriza limodzi. Udzu ukakula muzimweta, nayitirojeni ndi fosifolasi amene wamwa ali mmenemo, ukagone pa kompositi kapena muphimbire mbewu.

Bedi langa loyamba linatsekeka pa miyezi inayi yokha chifukwa ndinkafuna kusunga ndalama ndiye ndinalumpha thanki yodikhira nkulowetsa madzi a m'khola molunjika, matope anadzadza m'mipata ya miyala madzi nkuyamba kuyenda pamwamba, ndinachita kufukula miyala yonse nkuitsuka umodziumodzi ndi ana anga kwa sabata yathunthu. Thanki yodikhira siyolumpha.

Wina angakuuzeni kuti ikani namasupuni poti amamwa zonyansa msanga. Zoona amamwa, koma musayerekeze. Udzu umenewu ndi womwe wavutitsa mtsinje wa Shire kwa zaka zambiri mpaka kumatseka makina opangira magetsi ku Nkula ndi Tedzani, kachidutswa kamodzi kakathawa ndi mvula kakathera mumtsinje. Ndipo dziwaninso kuti michere ya m'khola ikalowa m'mitsinje ndi yomwe imanenepetsa namasupuni ndi ndere zobiriwira zija zimapha nsomba m'madamu.

Posungira ndi pachidule: mgolo kapena kathanki kovindikira kumapeto kwa bedi. Mukafuna kusiya potsegula kuti dzuwa liphe tizilombo, madziwo asakhalitse kupitirira masiku asanu, udzudzu umaswa pa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ngati akadali ambuu ndipo mukufuna ayere kwambiri, njere za chammwamba zimathandiza. Tengani zouma, chotsani makoko, sinjani, njere imodzi pa lita imodzi kapena awiri, sungunulani ufawo m'botolo la madzi oyera nkukhutchumula, thirani mu ndowa, takasani mwamphamvu mphindi imodzi kenako pang'onopang'ono mphindi zisanu, siyani ola limodzi kapena awiri, zonyansa zimagwirana nkumira. Njira imeneyi inayesedwapo pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990 ndipo inagwira ntchito. Koma ndi yomalizira chabe, mukathira m'madzi akuda a mu thanki yoyamba mungomaliza mtengo wonse wa chammwamba pachabe.

Madzi amenewa ndi a chani, ndipo si a chani

Ndinene mosabisa, kuyera kwa madzi m'maso sikutanthauza kuti ndi abwino kumwa. Amene atuluka mu bedi lathuli amakhalabe ndi tizilombo tina, ngati Cryptosporidium kamene kamatsegula m'mimba ana a ng'ombe ndi ana athu omwe, ndipo sikafa msanga ngakhale ndi kolorini. Amakhalanso ndi mchere wa nayitireti umene suoneka, sununkha, suchoka powiritsa, ndipo ndi woopsa kwa makanda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamiligalamu 50 pa lita imodzi m'madzi akumwa. Ndiye madziwa musamwe, musaphikire, musamwetse ziweto, musatsukire bere la ng'ombe, manja pokama kapena ndowa ndi zigubu za mkaka, mkaka wanu ukakanidwa ku bulking group kogulitsira mkaka kuja ndipo mudwalitsa anthu. Pa zimenezo gwiritsani ntchito a pa mjigo kapena a padenga aja.

Ntchito yake ndi iyi: kutsukiranso pansi pa khola, kunyowetsa kompositi, kusakaniza ndi ndowe za bayogasi, kusungunulira mkodzo, kuthirira nsenjere, nthochi, mapapaya, mitengo, nazale, kuumba njerwa. Pa ndiwo zophika thirani pansi osati pa masamba. Mukamawazungulitsa kutsukira khola mobwerezabwereza mchere umachulukirachulukira, ndiye gawo lina lizipita kumunda nthawi zonse nkumaonjezera atsopano. Mukaona pamwamba pa nthaka pakuyera ngati pathiridwa ufa kapena nsonga za masamba zikupsa, sungunulani ndi madzi wamba kapena sinthani malo othirira. Osefukira onse alowe m'dzenje lozunguliridwa ndi nthochi, osati mumtsinje. Ndipo zonsezi, thanki, mulu, bedi, zikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo, komanso kumunsi kwake. Kumalo kumene madzi apansi ali pafupi ngati m'mbali mwa dambo mangani thanki pamwamba kapena theka lokha pansi.

Kumaiko ngati Netherlands kumene ziweto zachuluka kuposa minda yothirapo ndowe, mafamu ena amachitadi kutulutsa madzi oyera oti nkutayira mumtsinje movomerezeka. Njira yake ndi yomweyi kungoti ndi makina: chofinyira chimapatula zolimba, kenako madzi amakankhidwa mwamphamvu kudutsa m'masefa osalola ngakhale mchere kudutsa, njira imene amaitcha reverse osmosis, mbali ina kumatuluka madzi mbali ina feteleza wamadzi wokhathamira. Zimafuna magetsi osazimazima ndi ndalama zambiri, pa khola la ng'ombe ziwiri kapena khumi sizingabweze. Ndazitchula kuti mudziwe kusiyana kwake, wina asakunamizeni kuti bedi la miyala lingapange zomwezo.

Oweta nkhumba mumve izi

Ku nkhumba kupatula mkodzo ndi ndowe kumavutirapo, koma nkhumba ndi yaukhondo kuposa mmene timaiganizira, imasankha kona imodzi yonyowa nkumachitira pomwepo, ndiye ikani chomwera ndi ngalande kona imeneyo, kogona kukhale kumtunda kouma. Madzi a nkhumba ndi aukali kuposa a ng'ombe, thanki ndi bedi zikhale zokulirapo kapena muike mabedi awiri otsatizana, ndipo matope ake apse ndithu mu kompositi chifukwa mazira a njoka zam'mimba za nkhumba amakhala zaka ali moyo m'nthaka. Pakapita nthawi mudzaona mkati mwa mapaipi mukumera timiyala toyera tolimba mpaka paipi kutsekeka. Timeneto musataye, dzina lake ndi struvite, ndi fosifolasi, nayitirojeni ndi maginiziyamu zitagwirana, feteleza weniweni wosungunuka pang'onopang'ono moti kampani ina yomwe inayambira ku Canada, Ostara, imachita kupanga dala kuchokera m'madzi onyansa nkumagulitsa. Gogodani, sinjani, ikani pa phando. Pachifukwa chomwechi gwiritsani ntchito mapaipi aakulu a mainchesi anayi, opanda makona ambiri, kuti muzitha kutokosa ndi nsungwi.

Chigodola chikagwa m'khola, chilichonse chiime. Ndowe, madzi, matope, zisatuluke pakhomo, musagawire mnzanu, musagulitse, kachilombo kake kamakhalitsa mu ndowe. Chimodzimodzi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ku ng'ombe. Chiweto chikafa mwadzidzidzi chikutuluka magazi m'mphuno kapena kumbuyo musachitumbule, musaike chilichonse chake pa kompositi, itanani alangizi a ziweto. Ng'ombe ikapoloza, zotuluka zonse ndi udzu wogonera mukwirire mozama kapena kutentha mutavala magolovesi, chifukwa matenda ena opolozetsa amagwiranso anthu. Masiku onse pogwira ntchitoyi valani magambutsi, mabala a m'manja muziphimba, mukamaliza sambani ndi sopo.

Zina zosayenera kulowa m'ngalande ndi madzi a dibi ndi mankhwala opopera nkhupakupa, amapha tizilombo tabwino ta mu bedi ndi mu bayogasi komanso nsomba ndi nyongolotsi, ndiye popoperapo pakhale pena pokhala ndi dzenje lakelake. Kolorini ndi sopo wambiri wotsukira ziwiya za mkaka nazonso ayi. Mkaka wotaya wa ng'ombe imene ikubayidwa mankhwala usalowe, mkaka umaolesa madzi koopsa kuposa ndowe zimene.

Ngati ndalama zilipo zochepa musadikire kuti mupange zonse pakamodzi. Chaka choyamba gatala, kangalande ndi mgolo wa mkodzo, chimenechi chimayamba kubweza nyengo yomweyo pa nsenjere ndi chimanga. Kenako kadenga ka kompositi. Thanki yodikhira ndi bedi zibwere pambuyo, ndipo nthawi yabwino yomanga ndi Ogasiti kapena Seputembala pansi pali pouma, kuti udzu ugwire mvula isanayambe. Amene muli nazo kale, mu Okutobala vuulani matope onse, mwetani vetiva, tokosani mapaipi, konzani gatala ndipo kwezani m'mphepete mwa bedi ndi kamzere ka njerwa kuti madzi othamanga a mvula yoyamba asalowetsemo dothi.